Masipika asanu ndi wufa pabalaza panga: zomwe ndaona m'miyezi 7

Amene amandidziwa angaganize kuti ndinagula seti ya masipika imeneyi pofuna kugwedeza nyumba ndi mabomba a m'mafilimu. Ayi ndithu. Chinandikwana ndi rimoti. Filimu ikayamba, anthu akamayankhulana chapansipansi, ndinkakweza voliyumu. Galimoto ikangophulika, mwana ankadzidzimuka kuchipinda, mayi akunyumba n'kundiponyera diso lija, ine n'kutsitsa msangamsanga. Posapita mphindi ziwiri wina wayamba kunong'ona nkhani yomwe filimu yonse yatsamirapo, ine kukamwa yasa: “Wati chiyani ameneyu?” Maola awiri athunthu chala chili pabatani. Tsiku lina mayi anangondiuza kuti, “Bambo, inu simuonera filimu, mumayendetsa rimoti.” Sananame.

Vuto silinali makutu anga. Mawu a mafilimu ambiri amakonzedwa m'njira 6 zosiyana: ya kumanzere, ya kumanja, ya pakati, ziwiri za m'mbali chakumbuyo, ndi ina yapadera ya mabingu okhaokha, yomwe imanyamula besi yosapitirira 120 Hz (Hz ndi muyezo wa kaliridwe ka mawu: nambala ikachepa, mawu ndi akuya). Kakonzedwe kameneka amakatcha 5.1, kutanthauza zisanu zathunthu ndi kamodzi ka besi. Dolby Digital, luso losungira mawu a njira 6 zimenezi, inafika m'nyumba zoonetsera mafilimu mu 1992, inzake DTS n'kutsatira mu 1993, ndipo DVD itabwera njira zomwezi zinalowa m'makomo mwa anthu. Pafupifupi zonse zomwe ochita sewero amayankhula zimadutsa m'njira ya pakati ija. Tsono TV yopyapyala ili ndi timasipika tiwiri toloza pansi kapena kukhoma, ndipo imatenga njira zisanu zija n'kuziunjika kukhala ziwiri. Mawu a munthu amamira m'nyimbo ndi m'kulira kwa injini.

Yomwe ndinagula ndi seti ya m'katoni imodzi, ya oyamba kumene ndithu, koma yokhala ndi amplifaya yakeyake, ija amailemba kuti AV receiver. Mkatimo munali amplifayayo, timasipika tinayi tofanana toti n'kunyamula ndi dzanja limodzi, sipika yapakati yogona chopingasa, wufa (sipika ya besi yokhayokha) ya mainchesi 8 yokhala ndi pulagi yake, rimoti, kamaikolofoni ka chingwe chachitali, ndi mawaya okulungakulunga. Mlamu wanga, yemwe ali ndi soundbar, bokosi limodzi lalitali la masipika loika pansi pa TV, anayesetsa kundibweza. “Alamu, mukufuna nyumba isanduke ukonde wa kangaude? Gulani chimodzi ngati changachi, mwalumikiza, mwathana nazo.” Mfundo anali nayo. Koma soundbar yopanda masipika akumbuyo imapusitsa khutu poponyera mawu m'makoma kuti abwerere kwa womvera ngati achokera m'mbali, ndipo pabalaza panga kudzanja lamanja kulibe khoma, pamangolumikizana ndi podyera. Mawu oponyedwa kumeneko apita ulendo wosabwerera.

Ndiyambe ndi chomwe chinandinyansa ndisanayatse n'komwe. Pakatoni analembapo nambala ya mawati ya zilembo zikuluzikulu, yoti munthu angaganize kuti wagula injini ya chigayo. Nditatsegula kabuku, kumapeto kwenikweni, m'tizilembo tofunika magalasi, ndinapeza mmene anaiyezera: njira imodzi yokha ikugwira ntchito, pa kaliridwe kamodzi ka 1 kHz, mawu atayamba kale kusasa ndi 10 peresenti, kenako n'kuphatikiza manambala a njira zonse ndi a wufa. Zisanu zikamalira nthawi imodzi, iliyonse imalandira zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Koma ndinene chilungamo, pabalaza panga pa mamita 4 kwa 5 mphamvu sinandichepelepo. Mawati mukawawirikiza kawiri, mawu amangokwera ndi 3 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa phokoso), ndipo kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza pamafunika mawati ochuluka pafupifupi kakhumi. Nambala ija ndi nyambo ya maso basi.

Mawaya a m'katoni ndinangowayang'ana kamodzi. Oonda ngati ulusi wosokera, ndipo a kumbuyo sanafike n'theka lomwe la ulendo, poti waya sadutsa pakati pa chipinda, amazungulira m'mphepete mwa khoma. Sipika yomwe ukailoza ndi chala ili mamita 3 kuchokera pa amplifaya, inadya mamita 9 a waya. Ndinagula mpukutu wa waya wamkuwa wa 16 AWG (nambala yosonyeza kunenepa kwa waya), ndipo wakwanira bwinobwino. Wina asakunamizeni kuti pamafunika waya wamatsenga wa nsonga zagolide. Chofunika ndi mkuwa weniweni wonenepa bwino ndi nsonga zomangika. Pa amplifaya iyi masipika awiri akutsogolo okha ndi omwe ali ndi zomangira zopotokola. Enawo apatsidwa timano ta sipuling'i tomwe timaluma waya monyinyirika, ndipo kamodzi kanamulavula titangosuntha kabati posesa.

Apa ndiulule manyazi anga. Usiku woyamba ndinalumikiza zonse, n'kuyatsa, ndipo nyumba inadzaza. Besi inagunda pachifuwa, mwana anavina, ine n'kudziguguda pamtima. Koma ndikaika khutu pa sipika yakumbuyo, kunali zii. Ndinasinthasintha mabatani mpaka ndinapeza lina lomwe limaliza masipika onse asanu nthawi imodzi, n'kunena kuti eya, ndi imeneyi. Milungu iwiri yathunthu ndinkaitana anthu kudzamva. Munthu ali kutsogolo pa TV koma mawu ake akutuluka kunkhongo kwanga, ine n'kumati ndiye ukatswiriwo. Amene ananditsegula m'maso ndi mphwanga wa zaka 16, yemwe anagwada pa amplifaya n'kuwerenga kagalasi kake. “Achimwene, apa palembedwa PCM, ndipo timabokosi toyaka ndi tiwiri tokha, L ndi R. Mukumvera stereo yomwe ija, kungoti mwaigawira masipika asanu.” Ndinafuna kutsutsa koma pakamwa panauma.

Chomwe chinkachitika n'chakuti TV inkatumiza mawu itawaphatikiza kale kukhala njira ziwiri. M'zosankha za mawu za TV muli pena polembedwa Digital Audio Output kapena mawu ofanana nawo, ndipo panali pa PCM. Pa chingwe cha optical kapena pa HDMI ARC wamba, PCM imanyamula njira ziwiri zokha. Kuti zonse 6 zidutse mumasankha Bitstream, ma TV ena amati Pass-through, kutanthauza kuti TV ingopatsira mtolowo osaumasula, amplifaya ikamasule yokha. Nditangosintha, pakagalasi panalembedwa Dolby Digital, timabokosi tonse n'kuyaka, ndipo koyamba ndinamva chitseko chikutsekeka kumbuyo kwanga, mpaka ndinacheuka. Kabuku ka m'katoni sikanena chilichonse za zimenezi, pamene ndi msampha womwe aliyense wogula koyamba angagweremo.

Pa nkhani ya zingwe ndidutse mwachangu. ARC inabwera ndi HDMI 1.4 mu 2009, ndipo ndi imene imalola mawu kuchoka pa TV kubwerera ku amplifaya pa chingwe chomwecho. Pa TV pamakhala bowo limodzi lokha lolembedwa ARC, ena onsewo sangathandize. Kawirikawiri imafunanso kuti CEC, yomwe imalola zipangizo kulamulirana kudzera pa chingwe cha HDMI, ikhale yoyatsa, ndipo kampani iliyonse inaipatsa dzina lakelake: Samsung imati Anynet+, LG imati SimpLink, Sony imati Bravia Sync. Mawu apamwamba a pa Blu-ray, Dolby TrueHD ndi DTS-HD Master Audio, sadutsa pa optical kapena pa ARC wamba. Amafuna eARC, yomwe inabwera ndi HDMI 2.1 mu 2017, apo ayi mulumikize makina a Blu-ray ku amplifaya mwachindunji, chithunzi chizidutsira momwemo popita ku TV. Amplifaya yangayi ili ndi mabowo anayi olowera HDMI, ndiye ndinachita zimenezo.

Koikako masipika ndi komwe kunatenga Loweruka lonse ndi kachigawo ka mtendere wa m'banja. Pali muyezo wa ITU-R BS.775 womwe okonza mawu a 5.1 amatsata: yapakati kutsogolo kwenikweni, ya kumanzere ndi ya kumanja madigiri 30 mbali iliyonse, zakumbuyo pakati pa madigiri 100 ndi 120. Onani manambala omalizawo. Madigiri 90 ndi pa phewa penipeni, ndiye masipika omwe timawatcha akumbuyo kwenikweni ndi am'mbali, ongopitirira phewa pang'ono. Ine poyamba ndinawakhomera m'ngodya zakumbuyo pafupi ndi denga, poti ndi momwe munkaoneka mwaudongo, ndipo ankamveka ngati wailesi ya aneba. Nditawatsitsa kufika pafupifupi theka la mita pamwamba pa khutu la munthu wokhala pansi, n'kuwabweretsa m'mbali, anasiya kumveka ngati masipika, anasanduka malo. Akutsogolo safuna chida choyezera ngodya: mtunda wa pakati pa awiriwo ufanane ndi mtunda wochoka pa iliyonse kufika pomwe mumakhala, madigiri 30 apezeka okha. Ndinkawaika mogundana ndi TV, koma nditawatalikitsa kufika mamita 2.5, galimoto yodutsa pachithunzi inayamba kudutsadi.

Sofa inali yotsamira khoma, ndipo ndinapempha kuti isunthe masentimita 40 kutsogolo. Mayi anavomera, koma anaika lamulo: “Waya ndikangomuona pansi, sizasi ili m'kabatimu.” Ndinagula timipaipi toyera tapulasitiki tomata m'munsi mwa khoma, mawaya onse n'kubisala mmenemo. Mlamu atabwera anafufuza ukonde wa kangaude uja, sanaupeze, anangoti ndachita mwayi.

Panali kanthu kena komwe kanandizunguza. Mawu akutsogolo ankamveka obalalika, osakhazikika pakati, ngati akuchokera m'mutu mwanga. Kunapezeka kuti pa sipika ya kumanja ndinasemphanitsa waya, wofiira kupita ku chakuda. Sipika imaliradi ngakhale mwasemphanitsa, ndiye munthu sudziwa, koma pamene inzake ikukankha mpweya iyo imakoka, besi n'kumadyana yokhayokha. Waya wa masipika amakhala ndi kamzere kapena kanthiti mbali imodzi. Tsatani kameneko kuchokera ku chofiira cha amplifaya mpaka ku chofiira cha sipika, kasanu konse, musanabise chilichonse m'mipaipi.

Tsopano sipika yapakati, yomwe ndi chifukwa chomwe ndinagulira zonsezi. M'seti muno ndi imene anaikonza mwachikondi. Mawu a anthu amatuluka oyera, zilembo za “s” ndi “t” zimamveka popanda kulasa khutu, ndipo munthu wokhala kumapeto kwa sofa amamvabe mawu akuchokera pa TV, osati ku sipika yomwe wayandikana nayo. Koma nayonso ndinayamba ndaiphera ufulu. Ndinailowetsa mkati mwa shelefu ya kabati, kumbuyo kwa zithunzi za banja, ndipo aliyense m'filimu ankayankhula ngati waika mutu m'ndowa. Matabwa a shelefu amabweza mawu n'kuwasakaniza ndi oyamba aja. Ndinaikokera pamlomo penipeni pa kabati, n'kuika timphira tiwiri pansi chakutsogolo kuti iyang'ane kumaso kwa wokhala pa sofa osati m'maondo. Ntchito ya mphindi imodzi, koma kusintha kwake kunaposa kwa china chilichonse chomwe ndinachita tsiku limenelo. Pambuyo pake ndinaikweza ndi 2 dB kuposa zinzake, ndipo ili pomwepo mpaka lero.

Wufa ndi nyama ina. Anthu amati besi ilibe mbali, ikani paliponse. Theka la mawuwo ndi loona: pansi pa 80 Hz khutu limavutika kuloza komwe mawu akuchokera. Koma paliponse ayi. Ndinaiika pakona, ndipo ndikakhala pa sofa besi inkasowa, pamene ndikapita kukhomo la kubafa mawindo ankanjenjemera. Mayi ali kuchipinda ankadandaula za kugunda komwe ine woonera filimu sindinkakumva. Tinatsala pang'ono kukangana pa chinthu chomwe tonse tinkanena zoona.

Chifukwa chake ndi utali wa mafunde. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye funde la 40 Hz ndi lotalika mamita oposa 8, kuposa chipinda chomwe. Likagunda khoma n'kubwerera limakumana ndi linzake lomwe likubwera, ndipo pena amathandizana besi n'kufufuma, pena amafafanizana besi n'kuzimirira. Pakati pa makoma otalikirana mamita 4, zimenezi zimachitika kwambiri cha pa 43 Hz: m'mphepete mwa makoma besi yadzaza, pakatikati palibe. Kukweza voliyumu ya wufa sikuthandiza, chifukwa mafunde onse awiri amakula limodzi, dzenje lili pomwepo, aneba okha ndi omwe amalandira zowonjezerazo.

Mankhwala ake ndi ochititsa manyazi koma amagwira. Mumanyamula wufa n'kuikhazika pa sofa, pamalo penipeni pomwe mumakhala. Mumaika nyimbo ya besi yoyendayenda m'mwamba ndi m'munsi, kenako mumagwada n'kumakwawa m'mphepete mwa makoma, mutu uli chapansi, kumvetsera. Pomwe besi ikumveka yosalala, manoti onse ofanana mphamvu, osati pomwe ikuphulika kwambiri, ndi pomwe wufa ikhale. Mwakhala ngati mwasinthana malo, ndipo zomwe khutu lamva pamenepo ndi zomwe lidzamve pa sofa. Ndili chokwawa kuseri kwa mpando, mwana atakwera pamsana poganiza kuti ndi masewera, apongozi anga aakazi analowa. Anaima pakhomo kanthawi, kenako anafunsa mwana wawo motsitsa mawu ngati bambo a kunyumba kuno ali bwinobwino. Malo ndinawapeza: kukhoma lakutsogolo, pafupifupi mita imodzi kuchoka pakona ya kumanzere.

Apa m'pomwe pali kufooka kwenikweni kwa seti imeneyi, ndipo wofuna kugula amve bwino. M'zosankha za amplifaya sipika iliyonse mumaitcha Small kapena Large. Mawuwa sanena za kukula kwa bokosi. Small akutanthauza kuti besi ya sipika imeneyo ipatutsidwe kupita ku wufa, Large akutanthauza kuti sipikayo isenze yokha zonse. Malire omwe ambiri amatsata ndi 80 Hz, omwe anatchuka ndi THX, kampani yoika miyezo ya mawu a mafilimu. Koma timasipika ta m'seti muno n'tating'ono kwambiri moti sititsika kufika pamenepo. Nditaika 80, pakati pa pomwe ito tathera ndi pomwe wufa yayambira panatsala mpata, ndipo mawu a amuna anaonda ngati a pafoni. Ndinakweza malire kufika 120 Hz, mpata unatsekeka, koma pamenepo khutu limayamba kuloza komwe kuli wufa. Munthu wa mawu a besi akamayankhula, kachidutswa ka mawu ake kamachokera pansi kumanzere. N'chifukwa chake wufa ya seti ngati iyi iyenera kukhala kutsogolo, kufupi ndi TV, ngakhale kukwawa kutakulozerani kumbuyo. Kabatani kozungulira ka malire komwe kali pa wufa penipenipo kapotokoleni mpaka kumapeto, kuti wodula besi akhale mmodzi, amplifaya.

Kamaikolofoni kaja ndinkakayesa chidole, koma ndi kantchito. Makampani ali ndi mayina awo a luso limeneli, monga Audyssey pa Denon ndi Marantz, YPAO pa Yamaha, MCACC pa Pioneer, koma mfundo ndi imodzi. Mumakaika pomwe pamakhala mutu wanu, koloza kudenga, pa choimikira osati m'manja, ndipo amplifaya imaliza sipika iliyonse payokha n'kuyeza mtunda ndi mphamvu. Mtundawo ndi wofunika chifukwa masentimita 34 alionse ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo khutu limakhulupirira mawu omwe afika poyamba. Sipika yapafupi imachedwetsedwa pang'ono kuti onse afike limodzi. Pamafunika bata lenileni. Ndinatulutsa aliyense, n'kuzimitsa fani ndi firiji, ndipo firijiyo ndinaikumbukira m'mawa mwake, nkhani yomwe sinathebe m'nyumba muno.

Zomwe kanapeza ndinazitsimikiza ndi tepi, ndipo mitunda ya masipika asanu inali yolondola. Ya wufa kanailemba motalikitsa ndi mita yathunthu. Ndinafuna kukonza, koma ndibwino sindinatero: zamagetsi za mkati mwa wufa zimachedwetsa mawu pang'ono, ndipo makinawo amawerengera kuchedwako ngati mtunda. Pomwe kanalakwitsa ndi pamene kanatcha timasipika takutsogolo Large, mwina chifukwa tili pafupi ndi khoma lomwe limatikometsa besi. Zimenezo ndinabweza ndi manja. Ndiye kalekeni kayeze, koma mukatha lowani muone zomwe kalemba.

Nanga panopa zikumveka bwanji? Chomwe chimandigwira mtima si mabomba. Ndi mvula. M'filimu mukagwa mvula, imagwa pabalaza ponse, ndipo kawiri konse mayi adzukapo kukasuzumira pawindo. Ndi phokoso la msika kapena la bwalo la ndege lomwe limakuzinga mwakachetechete pamene awiri akukambirana kutsogolo, mawu awo ali poyera. Masipika am'mbali nthawi zambiri amangonong'ona, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Mukamawamva nthawi zonse, ndiye kuti mwawakweza mopyola. Mpira ukaulutsidwa mu 5.1, owulutsa amakhala pakati, ochemerera n'kukuzungulirani, ndipo pamenepo ngakhale mlamu anakhala chete. Wufa ya mainchesi 8 imagunda mokwanira, koma mabingu akuya kwambiri aja omwe umawamva ndi m'mimba siifika, imangowanunkhiza.

Pa nyimbo ndiye ndisaname, ndi yapakatikati. Timasipika tating'ono timaonetsa ung'ono wake gitala ndi mawu zikangotsala zokha, ndipo wokonda kukhala pansi kumvetsera nyimbo angachite bwino ndi masipika awiri akuluakulu. Komanso zambiri zomwe timaonera, nkhani, makanema a pa intaneti, mafilimu akale, n'za njira ziwiri. Pa zimenezo amplifaya ili ndi Dolby Pro Logic II, yomwe imatola mawu ofanana kumanzere ndi kumanja n'kuwapititsa ku sipika yapakati. Imachita bwino, ndipo ndi yosiyana kutalitali ndi batani lija linandinamiza milungu iwiri.

Usiku ndimayatsa chomwe amachitcha Night Mode, chomwe chimatsitsa zophulika n'kukweza zonong'ona. Chimachotsako ukali wa filimu, koma mwana amagona. M'nyumba zoonetsera mafilimu sipika iliyonse imaloledwa kufika 105 dB, njira ya besi mpaka 115 dB, ndipo mafilimu amakonzedwa poganizira zimenezo. Palibe pabalaza pa anthu okhala ndi aneba pomwe pangalandire zoterozo, ndiye musachite manyazi kulitobwanya batani limeneli.

Zondikwiyitsa zilipo, ndipo zina sizinathe. Wufa imagona yokha ikakhala kanthawi osalandira besi, ndipo poonera motsitsa inkagona pakati pa filimu, n'kudzadzuka mochedwa ndi kaphokoso koti thu bomba litaphulika kale. Ndinaichiza pokweza mlingo wa wufa mu amplifaya n'kutsitsa kabatani ka voliyumu ka pa wufapo, kuti izilandira chizindikiro champhamvu koma kulira chimodzimodzi. Rimoti ili ndi mabatani oposa 40 ofanana kukula, osayaka mumdima, pa chipangizo chomwe ntchito yake ndi ya mumdima. Zosankha zake pa TV zimaoneka ngati za kompyuta yakalekale. Mwina kamodzi pa mlungu TV ndi amplifaya zimaiwalana, chithunzi chilipo mawu palibe, mpaka nditazimitsa zonse pakhoma n'kuyatsanso. Pa pulogalamu ina yoonera mafilimu milomo inkatsogola kapena kutsalira, ndipo ndinachita kusintha Lip Sync pang'onopang'ono ndikuyang'anitsitsa pakamwa pa wowerenga nkhani ngati ndikufuna kumugwira bodza. Amplifaya imatenthanso kwambiri. Ndinaiika m'shelefu yotseka, patatha ola n'kuzima yokha pakati pa nkhondo. Panopa ili pamtunda, pamwamba pake popanda kanthu, ndipo kansalu kokongoletsa komwe mayi anayalapo tinakambirana mwaulemu mpaka kanasamuka.

Ena andifunsa chifukwa chomwe sindinagule ya Dolby Atmos, ija inayamba m'nyumba zoonetsera mafilimu mu 2012, yomwe imawonjezera mawu ochokera kumwamba, monga 5.1.2 yokhala ndi masipika awiri a kudenga. Yangayi ilibe. Sindikuinyoza, koma munthu amene anatha milungu iwiri akumvera stereo osadziwa sanafike pobowola denga. Masipika asanu oikidwa pamalo pake andipatsa zomwe ndinkafuna.

Ngati mumakhala m'nyumba yomwe simuloledwa kukhoma kanthu, kapena khoma lanu ndi limodzi ndi la chipinda chogona cha aneba, kapena mukudziwa mumtima mwanu kuti simudzatsegula zosankha za TV ngakhale kamodzi, seti iyi ikuvutitsani chabe, mverani mlamu wanga. Koma ngati muli ndi Loweruka limodzi, tepi yoyezera, ndi maondo olimba, ndikuivomereza, makamaka chifukwa amplifaya yake imalandira masipika wamba a 6 kapena 8 ohms. Timasipika takutsogolo ndikadzatopa nato ndidzagula awiri akuluko, malire a besi n'kutsikira ku 80 Hz, osataya china chilichonse. Maseti ena a m'katoni imodzi ali ndi mapulagi achilendo oti sangalandire sipika ya kwina, ndiye suzumirani kumbuyo musanagule.

Chomwe chatsala panopa ndi kaphokoso kena. Besi ikafika pa noti inayake yakuya, chinachake kudzanja lamanzere chimati njrrr. Ndamata timphira kuseri kwa chithunzi cha ukwati, ndamangitsa chitseko cha kabati, ndachotsa makiyi m'mbale yagalasi, koma chikadalipo. Mayi akuti ndi chotchingira nyale cha kudenga, ine ndikuti ndi windo. Loweruka likubwerali mphwanga akubwera ndi foni yake yoliza noti imodziimodzi, ndipo makwerero ndabwereka kale.